Mtambo Uliwonse pa X-ray Si TB

Tiyerekeze kuti kwanu kuli agogo aamuna a zaka 70 amene akhala akutsokomola kwa miyezi ingapo. Akamakwera kachitunda kochokera kudimba amaima kawiri kuti mpweya ubwerere. Kuchipatala awajambula X-ray ya pachifuwa, ndipo chithunzi chaonetsa timadontho toyera tambirimbiri kumtunda kwa mapapo onse awiri. Makhololo ayezedwa, sanapezemo kanthu. Komabe poona chithunzi chija, awayambitsa mankhwala a TB. Agogo amwa mokhulupirika miyezi 6, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Ajambulidwanso, timadontho tija tili pompo. Pakapita chaka abwereranso ndi befu lomwe lija, akumana ndi dokotala wina amene sanaone chithunzi chakale, ndipo nkhani iyambiranso poyamba.

M'maulendo onsewa palibe amene wawafunsa kuti ali mnyamata ankagwira ntchito yanji. Akanafunsidwa, akanafotokoza kuti anapita ku Joni ndi Wenela, nakhala zaka zambiri pansi pa mgodi wa golide akubowola thanthwe. Yankho limenelo likanasintha mmene chithunzi chija chikuwerengedwera.

Ife amene tikuphunzira ntchito zachipatala m'dziko limene TB ndi yofala timazolowera msanga kuona TB paliponse, ndipo nthawi zambiri timakhala tikulondola. Vuto limabwera pa nthawi zochepa zimene tikulakwitsa, chifukwa pali matenda angapo otupitsa mapapo amene pa chithunzi amafanana ngati mapasa, pamene mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Ena mwa mankhwalawo, akaperekedwa kwa munthu wolakwika, amapha. M'nkhani ino tikufuna tifotokoze mmene odziwa amasiyanitsira matendawa, m'njira yoti wophunzira wa chaka choyamba komanso mayi amene amaperekeza odwala kuchipatala atolepo kanthu.

Chithunzi cha mthunzi

Wilhelm Röntgen anatulukira cheza cha X-ray mu 1895 ku Würzburg, m'dziko la Germany, ndipo mfundo yake sinasinthe mpaka lero. Cheza chimadutsa m'thupi n'kukagwera pa filimu kapena pa chipangizo chotumiza chithunzi ku kompyuta. Pamene chadutsa mosavuta, monga mu mpweya, pamaoneka pakuda. Pamene chatsekerezedwa, monga ndi fupa, pamaoneka poyera. Mapapo abwino ndi odzaza mpweya, choncho amaoneka akuda, okhala ndi timizere totuwa ta mitsempha ya magazi tochokera pakati kupita m'mbali.

Phapo likatupa, thupi limatumizako madzi ndi maselo oyera a m'magazi, ndipo izi zimalowa m'malo a mpweya. Pamalopo pamayera. Koma cheza sichidziwa kusiyanitsa mafinya, madzi, magazi kapena maselo a khansa. Zonsezi zimatsekereza mofanana. Ambiri tinasewerapo ndi nyali ya koloboyi usiku, kupinda zala kuti pakhoma paoneke galu kapena kalulu. Khoma limangoonetsa mthunzi, silinena chimene chaima patsogolo pa nyali. X-ray ndi chimodzimodzi, kuwonjezera apo imapanikiza chifuwa chonse, kutsogolo ndi kumbuyo, pa chithunzi chimodzi chafulati.

N'chifukwa chake aphunzitsi athu amatikakamiza kuti tisanayambe kusaka matenda tiyambe taona ngati chithunzicho chinajambulidwa bwino. Wodwala amayenera kuimirira, chifuwa chitagunda mbale, cheza chikuchokera kumbuyo, atakoka mpweya wonse n'kuugwira. Timawerenga nthiti: zakumbuyo zikaoneka 9 kapena 10 pamwamba pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndiye kuti anakoka mokwanira. Akakoka pang'ono, kumunsi kwa mapapo kumapanikizika n'kuoneka kotuwa ngati chibayo pamene munthu ali bwinobwino. Akapendekeka, mbali imodzi imaoneka yakuda kuposa inzake. Wojambulidwa chogona pabedi, cheza chikuchokera kutsogolo, mtima wake umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Ambiri a ife tinapezapo "matenda" amene anali kupendekeka chabe, ndipo manyazi ake saiwalika.

Chibayo ndi TB ya akuluakulu

Kusiyanitsa kumene timakumana nako tsiku ndi tsiku ndi kwa chibayo cha mabakiteriya ndi TB. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri. Chibayo chodziwika bwino chimadzaza chigawo chimodzi, n'kuima pamalire a chigawocho ngati wina wajambula ndi rula. M'kati mwa kuyerako mumaoneka timizere takuda tokhala ngati nthambi: imeneyo ndi mipita ya mpweya imene sinadzale, ikuonekera chifukwa phapo lozungulira layera.

Dokotala wa ku America Benjamin Felson anatchukitsa njira yosavuta yodziwira kuti chigawo chodwala ndi chiti. Mtima umaoneka ndi malire akuthwa chifukwa wagundana ndi phapo lodzaza mpweya. Phapo la pamenepo likadzaza mafinya, malirewo amafufutika. Choncho malire akumanja a mtima akasowa, chodwala ndi chigawo chapakati cha phapo lakumanja. Akasowa malire a mnofu wa pansi uja koma mtima ukuoneka bwino, chodwala ndi chigawo chakumunsi. Ndi kanzeru kakang'ono koma kamagwira ntchito ngakhale pa chithunzi cha pachipatala chakumudzi.

TB ya munthu wamkulu amene chitetezo chake chili bwino imakonda kumtunda, kuseri kwa mafupa a m'munsi mwa khosi, ndiponso nsonga ya chigawo chakumunsi. Kawirikawiri mbali imodzi imakhala yoipa kuposa inzake. Siyera mosalala ngati chibayo, imakhala ya mawangamawanga, ndipo imaboola mphako: malo akuda ozunguliridwa ndi khoma loyera, pamene mnofu wa phapo unafa n'kutsokomoledwa. Madzi akadzaza m'chifuwa chifukwa cha TB, nthawi zambiri amakhala mbali imodzi.

Koma chimene chimasiyanitsa kwambiri awiriwa sichili pa chithunzi. Chibayo chimagwetsa munthu m'masiku ochepa, ndi kutentha thupi, kunjenjemera ndi kulasa m'nthiti. TB imakwawa kwa milungu, ndi thukuta la usiku ndi kuonda. Ndipo chithunzi cha chibayo chimachira mochedwa kuposa mwiniwake. Munthu akhoza kukhala atabwerera kumunda mtambo uja ukadalipo, n'chifukwa chake kujambulanso kumachitika pakapita milungu pafupifupi 6, osati masiku atatu. Mtambo ukakhala pomwepo pambuyo pa nthawi imeneyo, tiganizirenso: TB, kapena chotupa chimene chatseka mpita wa mpweya, makamaka kwa wosuta fodya.

Timadontho ta agogo

Tibwerere kwa agogo aja, chifukwa apa ndi pamene nkhani imavuta. Pali matenda atatu amene onse amapanga timadontho ting'onoting'ono m'mapapo, onse amatupitsa anabere a m'chifuwa, ndipo onse amatha kusiya zipsera kumtunda kwa mapapo. Anabere amenewa ndi ofanana ndi aja amatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche tikakhala ndi bala. M'chifuwa amakhala pa tsinde la phapo lililonse ndi m'mbali mwa kholingo. Matenda atatuwo ndi TB, silicosis ndi sarcoidosis.

Silicosis imabwera ndi fumbi la miyala, losalala kwambiri moti maso saliona. Likafika m'timatumba ta mpweya, maselo oyeretsa mapapo amalimeza, koma sangaligaye. Maselowo amafa, fumbi limatsala, ena amabwera kudzalimezanso, ndipo pamalopo pamaumbika kachipsera kolimba. Kawirikawiri zimatenga zaka 10 kapena kuposa kuti zionekere pa chithunzi, ndipo zimapitirira kukula ngakhale munthu atachoka kumgodi kalekale. Apa ndi pamene dziko lathu likukhudzidwa. Amuna zikwizikwi ochokera ku Malawi anagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inadziwika kuti Theba. Boma linaimitsa kulemba anthu mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, koma ulendo unayambiranso patapita zaka zochepa mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ambiri mwa amene anabwerako ali moyo m'midzi mwathu. Ndipo si iwo okha: amene amaphwanya miyala ya kwale m'mphepete mwa misewu ndi amene amakumba golide m'timigodi tawo amapuma fumbi lomwelo.

Pa X-ray, timadontho ta silicosis timakhala tozungulira, ta malire ooneka bwino, tochuluka kumtunda kuposa kumunsi, ndipo mbali zonse ziwiri zimafanana. Mwa odwala ena, anabere a pa tsinde la phapo amauma m'mbali n'kuoneka ngati chigoba cha dzira, koyera kunja, kotuwa m'kati. Matenda akakula, timadontho timagwirana n'kupanga zibulu zazikulu kumtunda kwa mapapo onse awiri, zimene m'kupita kwa zaka zimakokeredwa cham'kati. Bungwe la International Labour Organization lili ndi zithunzi zachitsanzo zimene owerenga ophunzitsidwa amayerekeza nazo, kuti dokotala wa ku Lilongwe ndi wa ku Johannesburg anene chimodzi akaona chithunzi chimodzi.

Nanga TB ya timadontho? Imeneyi imachitika tizilombo tikalowa m'magazi n'kumwazika thupi lonse. Azungu anaitcha miliary, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mawere, chifukwa mapapo amaoneka ngati wina wawaza mawere pansalu yakuda. Timadontho take ndi ta mamilimita 1 mpaka 3, tofanana kukula, ndipo timafalikira paliponse, kumtunda mpaka kumunsi, mosasankha. Chofunika koposa, mwini chithunzicho amakhala wodwala zedi: kutentha thupi, kuonda, nthawi zina mutu ndi kuuma khosi ngati tizilombo tafika ku ubongo. Agogo athu alibe zonsezi. Iwo ali ndi befu ndi chifuwa chouma, thupi silitentha, ndipo chithunzi cha chaka chino n'chofanana ndi cha chaka chatha. TB ya timadontho singakhale chaka chathunthu osasintha. Ikapanda kuchizidwa imapha.

Tisafulumire kusangalala kuti tapeza yankho. Silicosis imafooketsa maselo omwe aja amene amayenera kupha tizilombo ta TB, moti wodwala silicosis ali pa chiopsezo chodwala TB pafupifupi katatu kuposa mnzake, ndipo akakhalanso ndi HIV chiopsezocho chimachulukirachulukira. Agogo akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Chimene chimatichenjeza ndi kusintha: mbali imodzi yayamba kuipa kuposa inzake, paoneka mphako pamene panalibe, m'chifuwa mwalowa madzi, kapena chithunzi chasintha m'miyezi yochepa pamene silicosis imasintha m'zaka. Zonsezi sitingazione popanda chithunzi chakale. Ife timaona kuti filimu yakale yosungidwa m'chikwama cha agogo imaposa nthawi zambiri makina atsopano odula.

Wachitatu, sarcoidosis, ndi mlendo kwa ambiri. Dokotala wa ku Norway Caesar Boeck anapereka dzina lake mu 1899 ataona zotupa za pakhungu, ndipo mpaka lero choyambitsa chake sichinapezeke. Chitetezo cha thupi chimaumba timibulu ta maselo m'mapapo, m'anabere, pakhungu, m'maso, nthawi zina mumtima. Pa maikulosikopu timibuluti timafanana kwambiri ndi ta TB, kusiyana kwake n'kwakuti ta TB timafa pakati n'kufumbutuka ngati chambiko chouma, pamene ta sarcoidosis kawirikawiri timakhala tathunthu. Sipatsirana.

Chizindikiro chake chachikulu pa X-ray ndi anabere otupa pa tsinde la mapapo onse awiri mofanana, ngati mbatata ziwiri zoikidwa uku ndi uku, nthawi zambiri ndi ena kumanja kwa kholingo. TB ikatupitsa anabere imakonda mbali imodzi. John Scadding wa ku London anagawa maonekedwe a sarcoidosis mu 1961 m'magulu amene timawagwiritsabe ntchito: anabere okha, anabere ndi timadontho m'mapapo, timadontho popanda anabere, kenako zipsera. Odwala ambiri a gulu loyamba amachira okha popanda mankhwala. Chinthu china chimene odziwa amaona ndi chakuti chithunzi chimaoneka choopsa kuposa mwiniwake: mayi wa zaka 35 walowa akuyenda yekha, akungodandaula kachifuwa kouma, maso ofiira kapena zotupa zopweteka pamiyendo, koma chithunzi chake chikukuchititsa mantha.

Kulakwitsa apa kumapweteka mbali zonse ziwiri, koma osati mofanana. Wa sarcoidosis akapatsidwa mankhwala a TB amamwa miyezi 6 mankhwala amene akhoza kuwononga chiwindi, maso ake osayezedwa, ndipo banja lake limakhala ndi mantha a matenda amene alibe. Wa TB akapatsidwa prednisolone yekha, amene ndi mankhwala a sarcoidosis, chitetezo chake chimagonetsedwa ndipo tizilombo timafalikira mosaletseka. Kulakwitsa kwachiwiriku n'koopsa kwambiri, ndiye m'dziko ngati lathu palibe dokotala wanzeru amene angalembe sarcoidosis asanasake TB mwakhama: makhololo kangapo, GeneXpert, ndipo ngati n'kotheka kudula kanyama ka mwanabere kapena ka pakhungu kukayeza ku labotale. Sitikuwaimba mlandu amene amayamba ndi mankhwala a TB pamene zoyezera zina palibe. Chimene sitigwirizana nacho ndi kubwereza mankhwalawo kachiwiri ndi kachitatu kwa munthu amene sakusintha, osaima n'kudzifunsa.

Misewu itatu

X-ray ikafika pothera nzeru, pamabwera CT. Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, anagwira ntchito pa masamu ake pamene ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town m'zaka za m'ma 1950. Godfrey Hounsfield anapanga makina ake ku England, wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979. M'malo mopanikiza chifuwa chonse pa chithunzi chimodzi, CT imachidula m'timagawo ngati buledi, timagawo tina topyapyala mpaka milimita imodzi.

Chimene CT imationetsa chimene X-ray singathe ndi malo enieni a kadontho kalikonse. Phapo linamangidwa ndi tizipinda tating'ono, kalikonse kotalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Pakati pa kachipinda pamalowa kampita ka mpweya. M'makoma mwake, m'mbali mwa mipita ikuluikulu ndi pansi pa chikopa chokuta phapo mumadutsa timitsempha totengera madzi kupita kwa anabere. Magazi amafika paliponse. Choncho matenda ali ndi misewu itatu yoyendamo, wa mpweya, wa anabere ndi wa magazi, ndipo timadontho timatsala m'mbali mwa msewu umene matendawo anadzera.

TB yochokera mu mphako imayenda ndi mpweya. Mafinya amatsikira m'timipita ting'onoting'ono n'kutidzaza, ndipo pa CT timaoneka ngati kanthambi kamene kayamba kuphukira, pakati pa tizipinda, osagunda chikopa cha phapo. Sarcoidosis imatsata msewu wa anabere, ndiye timadontho take timandandalika m'malire a zigawo za phapo ngati mikanda pa ulusi. TB ya timadontho inabwera ndi magazi, choncho ilibe dongosolo: pakati, m'makoma, m'mphepete, ponseponse. Silicosis imasokonezako, chifukwa fumbi linalowa ndi mpweya kenako linanyamulidwa kupita kwa anabere, ndiye limasiya mapazi m'misewu iwiri, makamaka kumtunda ndi chakumsana. Anabere nawo amalankhula. Wodwala akabayidwa mankhwala oonetsa mitsempha, mwanabere wa TB amawala m'mbali, pakati n'kukhala pakuda chifukwa pafa, pamene wa sarcoidosis amaoneka chimodzimodzi ponse.

Pa msewu wa mpweya pali mlendo winanso woyenera kumutchula, chifukwa ambiri timaweta nkhunda ndi nkhuku. Anthu ena thupi lawo limadana ndi fumbi la nthenga ndi zitosi, kapena la udzu ndi mbewu zochita chuku. Mapapo amatupa, ndipo CT imaonetsa timadontho tofuwirira pakati pa tizipinda ndi zigamba zina zotuwa, zina zakuda kumene mpweya watsekeredwa. Mankhwala ake oyamba ndi kutalikirana ndi khola. Safunsa anadya phula. Makina sangakuuzeni kuti kuseri kwa nyumba kuli khola la nkhunda.

CT ili ndi mtengo wake. Kuno imapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda, ndipo kujambula kamodzi kumapatsa munthu cheza choposa ma X-ray makumi angapo. Ndi yofunsira funso lenileni limene X-ray yalephera kuyankha, osati yongojambulitsa poti wachibale wa kunja watumiza ndalama.

Chitetezo chikatsika

Zonse tanenazi zimasokonekera mwa munthu amene ali ndi HIV ndipo CD4 yake yatsika. Mphako ya TB imabooledwa ndi nkhondo ya pakati pa thupi ndi tizilombo. Asilikali akachepa, mphako siipangika. TB ya munthu wotere imafanana ndi ya mwana: anabere otupa, mtambo wa kumunsi, madzi m'chifuwa, timadontho ta mawere, kapena chithunzi chooneka chabwinobwino. X-ray yoyera siichotsa TB mwa munthu wotereyu, ndipo n'chifukwa chake kwa odwala kwambiri timayezanso mkodzo ndi LAM.

Mnzake wofanana naye pano ndi chibayo cha Pneumocystis, chimene timangochitchula PCP, chokonda anthu amene CD4 yawo ili pansi pa 200. Chimaoneka ngati nkhungu ya m'mawa yochokera pa tsinde la mapapo onse awiri kupita m'mbali. Tikuti nkhungu chifukwa mitsempha imaonekabe kupyolera mu kutuwako, monga mitengo imaonekera m'nkhungu, pamene chibayo cha mabakiteriya chimaphimbiratu ngati khoma. PCP kawirikawiri siitupitsa anabere ndipo siidzaza madzi m'chifuwa. Mukaona zimenezo, ganizirani TB kapena Kaposi. Wodwala amakhala ndi chifuwa chouma ndi befu lokula pang'onopang'ono, ndipo mukamuyendetsa pang'ono kachipangizo ka pachala kamaonetsa okosijeni akutsika. Mankhwala ake ndi Bactrim wambiri kwa masiku 21, ndi prednisolone ngati mpweya wachepa kwambiri. Mankhwala a TB sachita kanthu pa PCP, ndipo wodwalayu alibe milungu yodikira kuti tione ngati agwira ntchito. Za Kaposi, amene ndi khansa koma amakonda kunamizira TB, njira yachidule ndi kuuza wodwala ayasamule: zigamba zofiirira m'kamwa kapena pakhungu zimayankha funso msanga kuposa chithunzi.

Pali gulu lina limene timaliiwala, la amene anachira TB. Mapapo awo sabwerera mwakale. Zipsera, mphako ndi mipita yotanuka zimatsala moyo wonse, ndipo munthu akhoza kumatsokomolabe. GeneXpert, imene bungwe la World Health Organization linavomereza mu 2010, imasaka chibadwa cha tizilombo, ndiye ikhoza kupeza zotsalira za tizilombo takufa patapita nthawi munthu atachira. Mu mphako yakale muthanso kumera chuku cha Aspergillus, n'kuumbika kampira kamene pa chithunzi kamaoneka kali m'kati mwa mphako, pamwamba pake pali kampata kakuda konga mwezi wongooneka kumene. Wodwala akajambulidwa chogona, kampirako kamasuntha. Munthu wotere amatsokomola magazi, ndipo kumubwezera pa mankhwala a TB sikumuthandiza.

Masiku ano magalimoto a X-ray amaima m'misika, ndipo zithunzi zambiri zimawerengedwa ndi kompyuta. World Health Organization inavomereza mapulogalamu amenewa mu 2021 kuti azithandiza kusaka TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Ndi othandiza, makamaka kumene kulibe wowerenga. Koma tidziwe chimene amachita: amapereka nambala yosonyeza kuti chithunzichi chikufanana bwanji ndi cha TB, kuti munthuyo akayezedwe makhololo. Mapapo a silicosis kapena a zipsera zakale akhoza kupeza nambala yokwera popanda kachilombo ngakhale kamodzi.

Kwa agogo aja, dzina lolondola la matenda silibweretsa machiritso, pakuti silicosis ilibe mankhwala ochotsa zipsera. Limabweretsa zina. Amasiya kumwa mankhwala amene sakuwafunikira. TB ikatsimikizika kuti palibe, akhoza kupatsidwa mankhwala oiteteza, ndipo amadziwa kuti thupi likangoyamba kutentha kapena kuonda abwere msanga. Palinso nkhani ya chipepeso. Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide ku South Africa anagwirizana ndi maloya a ogwira ntchito kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB ya kumgodi, khoti linavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira. Mgwirizanowu ukukhudza amene anagwira ntchito ya fumbi m'migodi yotchulidwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana nawo, komanso mabanja a amene anamwalira. Wopempha amayezedwa mapapo ndi kujambulidwa, ndipo mapepala a ntchito ndi a chipatala amafunika. Buku la kuchipatala limene mwalembedwa TB katatu popanda liwu lakuti mgodi silimuthandiza mokwanira.

Choncho inu amene mumaperekeza makolo kuchipatala, nyamulani mafilimu onse akale ndi mabuku onse a kuchipatala, ngakhale ong'ambika. Ngati chithunzi chili pa kompyuta, pemphani kuti tsiku ndi zotsatira zilembedwe m'buku. Musadikire kufunsidwa: nenani kuti bambo anagwira kumgodi zaka zakuti, mayi amaphwanya miyala, kunyumba kuli nkhunda, TB anamwera kale chaka chakuti ndipo makhololo anapezeka ndi tizilombo kapena ayi. Ndipo ife amene tikulemba fomu yopempha X-ray, pamzere wa mbiri ya wodwala tisamangolemba kuti "chifuwa". Tilembe kuti chifuwacho chatha milungu ingati, thupi likutentha kapena ayi, zotsatira za HIV ndi CD4, mankhwala a TB anamwapo liti, ndi ntchito zonse zimene munthuyo anagwirapo kuyambira ali mnyamata.